Duwa Limene Mwana Wanga Anatafuna pa Tumbine

Chaka chimene tinathawa nkhondo ku vila, tauni yathu ya Milange, tinakabisala m'nkhalango, m'mbali mwa phiri la Tumbine, kumtunda kwa minda ya tiyi imene eni ake anali ataisiya. Tiyiyo anali atakula ngati mitengo chifukwa chosowa womuthyola. Tinalipo mabanja ochepa, aliyense ndi kamsasa kake pansi pa misuku, motalikirana kuti utsi usachuluke malo amodzi. Kusinja tinaleka poti mtondo umamveka kutali. Atambala onse tinawapha.

Pamsasa wathu panali ine, amuna anga, mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kuyankhula zomveka, achemwali anga, ndi atsibweni, mlongo wawo wa malemu amayi. Atsibweni anali ndi mwendo wotupa, ndipo pokwera phirilo tinachita kuwakoka.

Mchere utatha, amuna anga ananyamula nkhuku zimene zinatsala kuti akasinthitse kutsidya, ku Muloza. Amuna ambiri ankatero, kuzemba m'tinjira ta m'tchire n'kuwoloka mtsinje wa m'malire. Pochoka anandiuza kuti, "Musachoke pano. Mukasuntha, ndidzakufunani kuti m'tchire lonseli?"

Mwezi unakhwima, unafa, munthu osabwera.

Ine pansi panandikana. Ndinkatola nkhuni zimene sitinkazifuna. Ndinkapita kukasupe ndowa isanathe madzi, kungofuna kuima pamwala wina pamene kanjira ka kumunsi kankaonekera. Tsamba likagwa ndinkadzidzimuka. Achemwali ankandikalipira kuti, "Khala pansi iwe, ukundizunguza mutu. Mapazi akowo ndi amene amubweretse?" Ndinkakhala, koma posakhalitsa ndaimiriranso.

Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mvula isanagwe. Moto unali utadutsa m'nkhalangomo, kaya anauyatsa osaka mbewa, kaya a mfuti, sitinadziwe. Mitengo ya mombo inali itatulutsa masamba ofiira anthete, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. M'lupsamo, paphulusa lakuda bii, munayamba kuphuka timaluwa. Ndinkatiponda tsiku ndi tsiku osatiyang'ana n'komwe.

M'mawa wina ndinali kutsanula madzi a kalongonda, poti nyemba zimenezo ukapanda kuzitaya madzi kangapo zimaledzeretsa. Mwana anali atatsatira ana a misasa ina kukatola masuku. Ndinangomva wandigwira kapulana, chitenje changa, kumbuyo. Ana a nthawi imeneyo anaphunzira kulira osatulutsa mawu, ndiye misozi inkangoyenderera chamumtima. Dovu linali chuchuchu mpaka pachifuwa, akukanda lilime ndi zala. Milomo yake inali yachikasu.

"Wadya chiyani?"

"Duwa."

"Duwa lanji?"

"Lokongola. Likuwotcha, amayi."

Ndinamupisa chala m'kamwa, n'kukolowola zimene ndinapezamo, ndi kumutsuka ndi madzi. M'dzanja mwake munali zachikasu zofinyikafinyika, zosadziwika mutu wake. Achemwali anaziyang'ana nati, "Aka ndi kaja kokhala ngati nyenyezi, kamasamba aubweya. Tonse tinakatafunapo tili ana. Kamangowawa basi. Mpatse madzi amwe, usatichititse mantha."

Atsibweni anali atatsamira mtengo, mwendo uli tambalale. "Bwera naye kuno," anatero. Ananunkhiza dzanja la mwanayo, namutsegula pakamwa, n'kupukusa mutu. "Zofinyikazi sizikundiuza kanthu. Achikasu a m'lupsa alipo angapo, mwanaka," anatero, kunditcha mwana wawo m'Chilomwe. "Ena ndi mankhwala, ena n'zoseweretsa ana. Koma lilipo limodzi limene linandithera mbuzi chaka china ndili ku Molumbo. Ndikufuna ndione tsinde lake ndi muzu womwe."

"Dzina lake ndi chiyani, atsibweni?"

Anatchula dzina m'Chilomwe. Achemwali anati ayi, limenelo ndi dzina la chomera china cha kudambo. Anayamba kutsutsana, wina Chilomwe, wina Chinyanja, mwana akupitiriza kukanda lilime. Kenaka atsibweni anamenya pansi ndi ndodo yawo. "Dzina lisiyeni. Pita ukalitenge."

Ndinathamangira kumisasa ina kukafunsa ana aja. Onse anangoti kukamwa yasa, kuopa kukwapulidwa. Mtsikana wina wamkuluko anangoloza kumunsi ndi mlomo. Ndinadziwa chifukwa chake. Kumunsiko kunali msewu wakale wa mathirakitala a tiyi, umene a mfuti ankadutsamo, ndipo ana tinawaletsa kufikako.

Ndinabereka mwana n'kuyamba kutsetsereka. Phulusa linkafuka m'mapazi, ziputu za udzu wopsa zikundibaya. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti nkhalango yonse inali ndi chikasu, kuno ndi uko, ngati wina wamwaza.

Loyamba linali lija ankanena achemwali, kaduwa kotambasuka ngati nyenyezi, masamba ake aataliatali ngati a udzu, aubweya woyera. Ndinakumba ndi kamtengo n'kutulutsa chinthu chobulungira ngati kambatata. Nditachiswa pamwala, m'kati munali mwachikasu, ndipo ndikuyang'ana chomwecho munayamba kuda. Ndinatembenuzira mwana kutsogolo.

"Ndi ili?"

"Eee."

Mtima unatsika pang'ono. Koma nditangoyenda pang'ono, pansi pa msuku ndinaona lina. Limeneli linali logona pansi penipeni, masamba ake akuluakulu, obulungira, atayalana padothi ngati mbale, pakati pake duwa limodzi lalikulu lofewa ngati nsalu.

"Nanga ili?"

"Eee."

"Iwe mwana, wadya liti? Ili kapena lija?"

Anangondiyang'ana, dovu likutsika. Kwa iye onse anali duwa lokongola. Ndinafuna kumugwedeza, ndinafuna kukuwa, koma m'nkhalango imeneyo munthu sankakuwa. Ndinaima pamenepo maluwa awiri ali m'manja, osadziwa kuti ndibwerere kumtunda kapena ndipitirire.

Chimene mwana ananena momveka chinali chimodzi, chakuti likuwotcha. Ndiye ndinaganiza kuti pakamwa ndili napo inenso. Ndinatafuna ka nyenyezi kaja. Kanali kowawira pang'ono ngati therere losapsa, basi. Ndinalavula, n'kutafuna logona pansi lija. Linali lamadzimadzi, lowawasa patalipatali. Ndinadikira, ndikumeza mate, ndikumvetsera lilime langa. Palibe chinawotcha.

Ndinapitiriza kutsika. Mitengo inayamba kupatukana, msewu uja n'kuonekera, wofiira, uli zii. M'mphepete mwake munali zidindo za majombo, sindinadziwe ngati zinali za dzulo kapena za m'mawa womwewo. Ndikuyang'ana pansi chomwecho ndinaona timapazi ta ana paphulusa, tambirimbiri, ndipo kamodzi kakang'ono zedi katapatuka kokha kulowera kuchulu. Ndinakatsata.

Kuseri kwa chuluko kunali chitsamba chachifupi, chosafika m'mawondo. Timitengo take tambiri tinatuluka pamalo amodzi, tili ndi timasamba tating'ono totuwira. Pamwamba pa kamtengo kalikonse panali kampira ka timaluwa ting'onoting'ono tounjikana, chikasu chake chowala kuposa ena aja. Kamtengo kamodzi kanali kopindika, kopanda maluwa, konyowa. Mwana anayesa kukathyola, kanakana, ndiye anakakoka ndi mano. Khungwa lake linali litasendeka n'kulendewera ngati luzi.

Sindinamufunsenso. Ndinabudula timaluwa tingapo n'kutiika palilime. Poyamba sindinamve kanthu, mpaka ndinati mwina ndalakwitsa. Ndinagwada n'kuyamba kukumba. Muzu wake unali wokhuthala, wolimba ngati wa mtengo, wolowa pansi kwambiri. Ndikulimbana nawo ndi mwala, moto unayamba. Unayambira kukhosi, osati palilime, ngati tsabola wa kambuzi koma wopanda kukoma kulikonse, n'kumatsikira pachifuwa. Mate anadzaza m'kamwa. Ndinalavula, ndinalavulanso, motowo osachoka. Ine munthu wamkulu ndinangolawa timaluwa towerengeka. Nanga mwana amene anatafuna mpira wonse ndi khungwa lomwe?

Kukwera kwake sindikukumbukira. Ndinangozindikira ndaponya maluwa atatu aja pamiyendo pa atsibweni, ndikuwauza kuti onse ndawalawa. Awiri anawakankhira pambali osawayang'ana kawiri. Lachitatu analitenga, nasenda khungwa ndi chikhadabo, n'kulikulunga kuzala ndi kukoka. Silinaduke.

"Ndi lomweli," anatero motsitsa mawu. "Tili anyamata tinkasinja muzu wake n'kuthira padziwe ku Ruo, nsomba zonse mimba m'mwamba. Wameza zochuluka bwanji?"



Achemwali anatola makala pamoto, nawapera pamwala, n'kusungunula m'madzi. Tinamugwira mwana manja n'kumumwetsa. Mayi wina wa msasa wapafupi anabweretsa dzira laliwisi, limenenso tinamukakamiza. Anasanza zakuda zokhazokha, n'kugona pamwendo panga ali wefuwefu. Achemwali anati, "Zatuluka. Apeza bwino." Ine ndinkamuika pamphasa, kumunyamulanso, kuzungulira naye msasa, kumuikanso. Dzuwa litafika pamutu anayamba kutsegula m'mimba. Ulendo wachitatu munali timizere ta magazi. Maso analowa m'kati, ndipo madzi akamwa ankabwerera pomwepo.

"Ndikupita naye kutsidya," ndinatero.

Achemwali anaimirira. "Wapenga? Masana ano? Njira imene yadya mwamuna wako ndi imene ukufuna kulowamo ndi mwana? Ukakaponda bomba, tidzatola chiyani? Ndiponso alamu anati usachoke. Akabwera mawa ndidzawauza kuti chiyani?"

"Mudzawauze kuti mwana anadya duwa."

"Dikira kuche. Mwina pofika m'mawa asintha."

Ndinayang'ana atsibweni. Anali akupotapota khungwa lija m'zala. Kenaka anati, "Mbuzi zanga zinkayamba chonchi. Koma mbuzi zinalibe chipatala. Pita, mwanaka. Usaponde msewu. Tsata kamtsinje ka kukasupe, uziponda pamiyala, kakakufikitsa kumalire. Chomeracho utenge, akachione okha."

Achemwali akanandiperekeza, koma atsibweni akanatsala ndi ndani? Anavula kapulana yawo yapamwamba, yokhayo yabwino imene anathawa nayo, n'kundimangira nayo mwana kumsana, akulira ndi kundikalipira nthawi imodzi. Anandipatsa chipanda cha madzi. Chomera chija ndinachikulunga m'masamba n'kuchigwira m'manja.

Kamtsinjeko kanali katatsala pang'ono kuphwa. Ndinkadumpha mwala ndi mwala, mwana akugunda kumsana ngati thumba. Ndikayenda pang'ono ndinkapisa dzanja kumbuyo kumugwira phazi, kuti ndimve ngati likutenthabe. Kukhosi kwanga kunali kukuyakabe, ndipo ndinkati motowu ukachepa mwa ine ndiye kuti ukuchepanso mwa iye. Sunachepe. Mbalame ikauluka m'tchire ndinkagwa chogwada. Penapake ndinadutsa mudzi wopsa, mapapaya atapsa m'mitengo opanda wothyola, koma sindinaime.

Pokhota pena, pamene kamtsinjeko kanalowa m'mabango, ndinamva, "Para!" Ndi mawu a Chipwitikizi oimitsa munthu, ndipo tonse tinkawadziwa.

Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi kundevu, atakhala pamwala, phazi limodzi lili m'madzi. Paphazipo panali chilonda chachikulu. Mfuti inali pamiyendo. Malaya ake anali ong'ambika moti sindikanadziwa kuti ndi wa mbali iti, ndipo masiku amenewo kudziwako sikunkathandiza. Chinyanja chake chinali chopotoka, cha munthu wochokera kutali.

"Ukupita kuti?"

"Kuchipatala, bambo. Mwana wadwala."

"Wabisa chiyani m'manjamo?"

Ndinamasula masamba aja. Anayang'ana timaluwa tija, muzu uja, n'kundiyang'ana ine. Maso ake anawala. "Mankhwala awa. Ukupititsira ndani? Ndi aja oti chipolopolo chisalowe?"

"Ayi bambo, ndi chimene mwana wadya."

"Bodza. Bweretsa."

Anachilanda, nabudula kampira kamodzi, n'kukatengera kukamwa. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndikanangokhala chete. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Musadye, bambo, chimapha. Onani." Ndinatsegula pakamwa kumuonetsa lilime langa lotupa. Anaima, dzanja lili m'malere, akundikayikirabe. Nthawi yomweyo mwana anabuula kumsana, ndipo zamadzimadzi zofunda zinanditsikira m'chiuno mpaka kumiyendo. Bamboyo anaona magaziwo pamwala.

Anatsitsa dzanja. Anang'amba chomeracho pakati, china n'kuika m'thumba la malaya, china n'kundiponyera. Anandilanda chipanda cha madzi, ngakhale anali atakhala pamadzi. Analozanso kapulana ya achemwali, ndipo ndinamasula mwana, n'kumupatsa ili yonyowa chomwecho. Kenaka anakupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Ndinayenda mwana ali pachifuwa, msana wanga ukudikira kulira kwa mfuti, mpaka mabango anatitsekera. Chimene anakachita nacho chidutswa chija sindidziwa.

Ndinafika pamtsinje wa m'malire dzuwa litapendeka. Madzi anali m'mawondo. Kutsidya kwake amayi anali kuchapa, sopo akuchita thovu pamiyala, wailesi ikuimba pamtunda, mwana wina akulira mokweza popanda womutseka pakamwa. Ndinaima pakati pa mtsinje ngati wosokonezeka mutu. Mayi wina anasiya zochapa zake, nalowa m'madzi, n'kundilandira mwana osandifunsa kanthu. Anaitana mwamuna wake amene anali ndi njinga. Iye anakweza ine ndi mwana pakaliyala, mkazi wake akuthamanga pambuyo mpaka anatopa.

Kuchipatala kunali anthu akwathu ambiri, ena atagona pakhonde. Adokotala anali wachinyamata wooneka wotopa. Ndinawapatsa chomera chija, chitafota kale. Anachitembenuza, n'kundifunsa ngati mwana anadya muzu kapena maluwa, ngati wasanza, ngati wakodza. Nditawauza kuti inenso ndinalawa, anandiyang'ana kukhosi ndi tochi, napukusa mutu.

"Mayi, mukanagona nonse awiri, akanakunyamulani ndani?"

Anamubaya mwana padzanja n'kumulumikiza botolo la madzi lopachika. Mitsempha inali itathawa, moti anachita kuyesa kangapo, mwana osalira n'komwe. Chomera chija chinatsala pawindo, ndipo aliyense wodutsa ankachitola. Mayi wina wa ku Mulanje anachitchula dzina lake, bambo wina wa kwathu anatchula lina, namwino anati agogo ake ankachitcha dzina linanso. Onse anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mbuzi yochenjera sichidya.

Masiku oyamba sindinkatha kukhala pabenchi. Ndinkayang'ana madontho m'botolo, kutuluka panja, kubwereranso, mpaka namwino anandiopseza kuti andimangirira kubedi. Magazi anayamba kuchepa, kenaka analeka. M'kamwa mwa mwana munatuluka zilonda, khungu la milomo linasupuka, ndipo ankangomwa phala lamadzimadzi ndi kasupuni. Mawu anatha. Akafuna kanthu ankangondikoka chala. Adokotala anati kukhosi kunapsa, ndidikire.

Atatitulutsa, mayi uja wa kumtsinje anatisunga m'khitchini mwake. M'mawa uliwonse ndinkapita kumsika wa Muloza, mwana kumsana, kuyang'ana nkhope za anthu ochokera kwathu. Tsiku lina ndinakumana ndi bambo wina amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi ku vila. Anadabwa pondiona. "Inu muli kuno? Amuna anutu anadwala malungo konkuno, anagona kwa mbale wanga. Atangopeza bwino anawoloka kubwerera kuphiri. Akuti kukakuonani."

Nditafunsitsa za tsiku, ndinapeza kuti tinaphonyana pang'ono pokha. Mwina iwo ankakwera ndi njira ina pamene ine ndinkatsika ndi kamtsinje kaja. Ndinafuna kuwoloka tsiku lomwelo. Mayi wondisunga uja anandigwira mkono. "Mukapita inu, iwo abwera kuno. Muzingozungulirana mpaka liti? Khalani pamodzi, akupezani." Ndinakhala, koma madzulo alionse ndinkakaima pagombe mpaka ochapa onse atachoka.

Mvula yoyamba itagwa, kuphiri kunamveka mfuti zikuluzikulu, ndipo anthu anayamba kuwoloka m'magulumagulu, mitolo pamutu, mtsinje utayamba kudzaza. M'gulu lina ndinaona achemwali, atavala chiguduli. Pambuyo pawo panali munthu wowonda atabereka nkhalamba kumsana, madzi akumufika m'chiuno. Ndinazindikira ndodo ya atsibweni ndisanazindikire amuna anga.

Atawatsitsa atsibweni pamchenga, sanandipatse moni. Anapita kwa mwana, nagwada, n'kumugwira chibwano kuti aone m'kamwa. Mwanayo sanawazindikire, anathawira kuseri kwanga. Anakhala chogwada chomwecho, kenaka anandiyang'ana.

"Akuti munalawa inunso?"

"Ndinalawa."

"Mutu wanu sukoka," anatero, akupukuta m'maso ndi mkono.

Achemwali anandifunsa za kapulana yawo. Nditawafotokozera, anandikalipira pomwepo pagombe, pamaso pa anthu, kuti ndikanamusiya munthuyo adye.

Patapita masabata, akuluakulu anati othawa nkhondo tonse tichoke m'malire, atipititse kumsasa waukulu m'kati mwa dziko. Atsibweni anakana. Anati akufuna pamene akadzuka aziona Tumbine, ndipo mbale wina wa ku Muloza anawatenga. Anamwalira konko nyengo yozizira yotsatira, ife uthenga n'kutipeza maliro ataikidwa kale.

Ife tinakwera lole, titapanikizana ngati matumba, mvula ikuwaza. Ine ndinali m'mphepete, mwana ali pamwendo. Penapake loleyo inaima pamsika wa m'mbali mwa msewu, ogulitsa n'kutizungulira, malichero ali m'mwamba. Mwana anadzuka, nagwira chitsulo cha lole, n'kusuzumira pansi. Ndinamva kamawu kosasa, kokhala ngati ka nkhalamba.

"Amayi, nthochi."

Achemwali anakuwa. Amuna anga anayamba kudzipapasa m'matumba opanda kanthu. Mayi wogulitsayo anaona zonsezo, anabudula nthochi imodzi n'kuiponya m'mwamba lole itayamba kale kuyenda, ndipo bambo wina amene sitinkamudziwa anaiwakha n'kuipatsira kwa ife.